Kwa inu amene mtima uli ku casualty: kokaphunzira ndi kopeza ndalama za kafukufuku

Madokotala achinyamata ambiri kuno Kum'mawa kwa Zambia amatenga casualty, malo olandirira odwala mwadzidzidzi, ngati malo ongodutsirapo. Munthu amagwira miyezi imene anamulembera, kenako n'kuthamangira ku opaleshoni, ku ana kapena ku matenda a azimayi, kumene kuli akatswiri odziwika ndiponso njira yokwerera pa ntchito yooneka bwino. Koma alipo ena, madokotala, ma clinical officer ndi manesi, amene ntchito ya pakhomo la chipatala inawalowerera. Amafuna kuidziwa mozama, kuiphunzitsa kwa ena, ndi kufufuza chifukwa chake odwala ena amapulumuka pamene ena amatisiya asanafike n'komwe ku wodi. Ndikulembera inu amene muli otere, chifukwa mafunso anu ndi awiri nthawi zonse: ndikaphunzire kuti, nanga kafukufukuyo adzalipira ndani?

Zoti ntchitoyo ilipo, palibe angatsutse. Msewu wa Great East umatibweretsera ovulala kuchokera ku mapiri a Manenekela, ku Nyimba, ku Petauke mpaka ku Katete. Njinga zamoto zachuluka m'maboma onse, ndipo okwera ambiri alibe chipewa choteteza mutu. Kuli alimi omwa mankhwala opopera thonje, olumidwa ndi njoka, opondedwa ndi njovu ku Mambwe, amayi otaya magazi pobereka, ana okomoka ndi malungo. Apolisi amalemba anthu pafupifupi 2,000 ofa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse m'Zambia. Ndipo kuchokera ku Chipata kukafika ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka, ndi makilomita oposa 550. Wodwala amene sanathandizidwe bwino m'maola oyambirira kuno kwathu, Lusaka sadzamuona.

Ndiyambe ndi njira ziwiri zokaphunzirira ukatswiriwu kunja zimene anthu amaziyerekeza kwambiri, Cape Town ndi Dar es Salaam.

South Africa ndi imene inayamba kuno kum'mwera kwa Sahara. Inavomereza chithandizo cha odwala mwadzidzidzi kukhala ukatswiri pawokha mu 2003, ndipo chaka chotsatira mayunivesite a Cape Town ndi Stellenbosch anayamba kuphunzitsa mogwirizana. Maphunzirowo ndi a zaka zinayi. Mumalemba mayeso a koleji ya akatswiri, komanso simungalandire MMed, digiri ya ukatswiri, popanda kumaliza kafukufuku wanu. Kwa munthu wofuna kudzakhala mphunzitsi wa pa yunivesite, apa ndi pamene Cape Town imaposa ena: kuli aphunzitsi ambiri amene anatulutsa kale mapepala, ndipo bungwe la African Federation for Emergency Medicine, limene linakhazikitsidwa mu 2009, linabadwira konko. Mumabwerako mukudziwa kulemba, mukudziwanso anthu. Koma walira mvula walira matope. Dokotala wochokera kunja amalowa ngati supernumerary, kutanthauza kuti amagwira ntchito usana ndi usiku limodzi ndi anzake a m'dzikomo koma salandira malipiro a kumeneko. Lendi, chakudya, fizi, zonse zimachokera kwa amene akukulipirirani. Mapepala olembetsera ku HPCSA, bungwe lopereka chilolezo kwa madokotala kumeneko, nawo amatenga nthawi yaitali. Musanyamuke ndi lonjezo la pakamwa. Kalata ya study leave ndi ya wokulipirirani zikhale m'manja, zosainidwa, ndipo muwerengere ndalama za zaka zonse zinayi, osati chaka choyamba chokha.

Pali chinanso chimene anthu sakonda kuchitchula. Mukazolowera kuti CT scan ipezeka usiku womwewo, magazi ali m'firiji ndipo ambulansi yabweretsa wodwala ali kale pa dripi, kubwerera kwanu kumapweteka mtima. Ena sabwerera.

Ku Dar es Salaam, chipatala cha Muhimbili chinatsegula dipatimenti ya odwala mwadzidzidzi mu 2010 mothandizidwa ndi Abbott Fund, ndipo chaka chomwecho yunivesite ya MUHAS inayamba MMed ya zaka zitatu. Oyamba anamaliza mu 2013. Chimene chimandisangalatsa ndi Tanzania n'chakuti anthu ake anamanga zimenezi kuyambira pansi, m'dziko limene mavuto ake ndi ngati athu: odwala ofika mochedwa, achibale oyenera kukagula mankhwala kunja, mabedi a ICU ochepa. Amene akukuphunzitsani anadutsa m'zimene inu mudzakumane nazo pofuna kuyambitsa dipatimenti kwanu. Amadziwa kukambirana ndi akuluakulu a chipatala, kuphunzitsa manesi kusankha wodwala woyamba kuonedwa, ndi kusunga kaundula. Moyo ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi Cape Town, ndipo chaka chimodzi chimene mwapulumutsa ndi chachikulu kwa munthu wa banja. Odwala mudzalankhula nawo Chiswahili, koma kwa ife olankhula Chichewa sichivuta kwenikweni kuchigwira. Maganizo anga ndi awa: ngati cholinga chanu n'kubwerera kudzagwira ntchito ku Chipata Central, ku St Francis ku Katete kapena ku Petauke, Dar es Salaam ikukuyenerani kuposa Cape Town. Ngati mukulakalaka PhD ndi moyo wa kafukufuku, Cape Town ili patsogolo.

Kulinso Addis Ababa, imene inayamba mu 2010, Kumasi ku Ghana mu 2009, Botswana mu 2011, ndiponso Rwanda ndi Uganda zimene zinabwera pambuyo. Mukapeza malo ndi wokulipirirani kumeneko, musakane chifukwa choti dzina silinamveke kwambiri.

Za ku UK ndi ku America sindichedwapo. Ku UK kunali njira ya Medical Training Initiative imene inkalola dokotala kukaphunzira kwa miyezi yosapitirira 24 n'kubwerera, ndipo mayeso a MRCEM, a ukatswiri wa odwala mwadzidzidzi, amalemekezedwa m'mayiko ambiri. Ku America muyenera kupambana mayeso a chilolezo a USMLE kenako n'kulimbirana malo ndi eni dziko. Ndalama ziliko, koma matenda, zipangizo ndi malamulo a kumeneko ndi zina. Amene wasankha njira imeneyi avomereze mumtima mwake kuti wasankha kusamuka.

Kukhala konkuno

Si aliyense angasiye ana ndi makolo okalamba kwa zaka zitatu kapena zinayi. Kwa otere, njira yanzeru ndi kulowera ukatswiri woyandikana nawo. UNZA imaphunzitsa MMed ya opaleshoni, ya mafupa, ya matenda a akuluakulu, ya ana, ndiponso kuyambira mu 2011 ya anaesthesia. Palinso Specialty Training Programme ya Zambia College of Medicine and Surgery, imene inachititsa kuti madokotala aziphunzira ukatswiri m'zipatala zikuluzikulu za m'zigawo, ndi COSECSA, koleji ya madokotala a opaleshoni ya mayiko a chigawo chino cha Africa, imene inakhazikitsidwa mu 1999. Ubwino wake ndi woonekeratu: malipiro akubwera, banja lili pafupi, ndipo odwala amene mukuphunzirirapo ndi omwewo amene mudzawasamalire moyo wanu wonse.

Mwa zonsezi, ine ndimaona kuti anaesthesia ndi imene ili pafupi kwambiri ndi ntchito ya ku casualty. Kutsegula njira ya mpweya, kudzutsa wodwala amene BP yagwa, kusamalira wokomoka, ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Vuto lake n'lakuti dipatimenti imene yakuphunzitsani idzakumezani. Akatswiri a anaesthesia ndi ochepa kwambiri moti theatre sidzakulolani kutsika ku casualty, ndipo dokotala wa opaleshoni amangoitanidwa wodwala atagona kale maola angapo. Ngati mwasankha njira iyi, mugwirizane ndi akuluakulu anu poyambirira kuti masiku ena pa mlungu ndi a ku casualty, ndipo zilembedwe.

Onjezerani maphunziro aafupi. Basic Emergency Care ya WHO ndi ICRC inatuluka mu 2018, ndipo Zambia inali m'gulu la mayiko atatu amene anaiyesa isanatuluke, pamodzi ndi Uganda ndi Tanzania. ETAT, yophunzitsa kusankha ndi kuthandiza msanga wodwalitsitsa, ndi ya ana. Primary Trauma Care ndi ATLS ndi za ovulala. Koleji ya ku South Africa ili ndi dipuloma ya DipPEC ya madokotala amene si akatswiri, ndipo yunivesite ya Cape Town ili ndi MPhil imene mbali yaikulu mumaphunzira muli kwanu pa intaneti. Zimenezi sizikusandutsani consultant wa emergency medicine, ndipo pa malipiro mwina sizisintha kanthu. Koma musangokhala wophunzira chabe. Yesetsani kukhala mphunzitsi wa maphunziro amenewa, chifukwa ndi mmene dzina lanu limayambira kudziwika ku unduna ndi ku mayunivesite.

Anzanga manesi ndi ma clinical officer, nkhaniyi ndi yanunso, mwina kuposa madokotala. Ku Chadiza, ku Vubwi kapena ku Lumezi, amene amalandira wovulala pakati pa usiku ndinu. Maphunziro a medical licentiate amene anayambira ku Chainama, tsopano pansi pa Levy Mwanawasa Medical University, ndi a unesi wa odwala mwakayakaya ku Lusaka, ndi makwerero enieni. Masukulu a unesi a ku Chipata, ku Katete ndi ku Mwami amafuna aphunzitsi odziwa ntchitoyi ndi manja awo. Ndipo palibe lamulo loletsa nesi kutsogolera kafukufuku.

Njira ina ndi kusiya za ukatswiri wa m'chipatala n'kulowa kafukufuku mwachindunji: MPH kapena MSc ya epidemiology ku UNZA, maphunziro a field epidemiology a Zambia National Public Health Institute (ZNPHI), kenako PhD. Mudzadziwa masamu a kafukufuku kuposa katswiri aliyense wa ku wodi, ndipo mabungwe ngati CIDRZ, Zambart ndi la ku Ndola limene linkadziwika kuti TDRC amalemba anthu otere. Koma ntchito zawo zambiri ndi za HIV, TB ndi malungo, ndi za kontirakiti, ndipo manja anu adzatalikirana ndi odwala. Mphunzitsi wa chithandizo chamwadzidzidzi amene sanagwire wodwala kwa zaka zisanu, ophunzira amamuzindikira msanga.

Ndalama za kafukufuku

Apa mpofunika kumvetsa chinthu chimodzi, apo ayi mudzataya zaka mukufunafuna chimene kulibe. Ndalama za kafukufuku zimatsata dzina la matenda. Kuli thumba la HIV, la TB, la malungo, la amayi ndi ana. Thumba lolembedwa kuti odwala mwadzidzidzi n'losowa paliponse. Ngakhale ku America, NIH, bungwe la boma lolipira kafukufuku wa zaumoyo, ilibe nthambi yakeyake ya ukatswiri umenewu. Inangotsegula ofesi yogwirizanitsa ntchitoyi mu 2012, ndipo ofesiyo sipereka ma grant payokha. Msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana mu 2019 ndiponso mu 2023 kuti mayiko alimbikitse chithandizo chamwadzidzidzi, koma chigwirizano si ndalama.

Choncho funso lanu mulilembe m'chinenero cha mwini thumba, popanda kunama. Wodwala HIV amene wafika ndi sepsis, kutanthauza matenda amene afalikira m'thupi lonse, ndi wa ku casualty, komanso ndi wa thumba la HIV. Mwana wa malungo aakulu, mayi wotaya magazi, wolumidwa ndi njoka, onsewa ali ndi eni ake a ndalama. Kafukufuku wotchuka kwambiri wa chithandizo chamwadzidzidzi wochokera m'Zambia anayenda motero. Anachitikira ku UTH ndipo anatuluka m'magazini ya JAMA mu 2017. Odwala sepsis oposa 200, ambiri a iwo ali ndi HIV, anagawidwa pawiri. Ena anapatsidwa madzi ambiri a dripi mofulumira monga mabuku a kunja ankanenera, ena anathandizidwa mwa nthawi zonse. Mwa opatsidwa madzi ambiri anamwalira 48 pa 100 alionse, pamene mwa enawo anamwalira 33. Zofanana ndi zimenezi zinapezeka mwa ana mu kafukufuku wa FEAST wa mu 2011 ku Kenya, Uganda ndi Tanzania. Njira imene inkaoneka yopulumutsa kumene kuli makina opumira ambiri inkapha anthu kwathu kuno. Akanapanda kufufuza, tikanapitiriza kuitsata ndi mtima wonse. N'chifukwa chake ndimakana munthu akamati kafukufuku ndi wa anthu a m'maofesi.

Poyambira penipeni ndi ma grant ang'onoang'ono. Royal Society of Tropical Medicine and Hygiene imapereka ndalama zofika mapaundi 5,000 kwa ofufuza ongoyamba kumene, za ntchito ya chaka chimodzi. Zimaoneka zochepa, koma zimakwana kulipira manesi awiri osonkhanitsa mfundo, kusindikiza mafomu, kugula mafuta oyendera zipatala zitatu ndi kulipira komiti yovomereza kafukufuku. Laerdal Foundation ya ku Norway ndi imodzi mwa mabungwe ochepa amene cholinga chawo ndi chithandizo chamwadzidzidzi ndi kupulumutsa amayi ndi makanda pobereka. Kwathu kuno National Science and Technology Council nayo ili ndi thumba la kafukufuku. Kwa munthu amene ali ku Chipata ndipo sanatulutsepo pepala, apa ndiye pogogoda.

Kenako pali zolipirira maphunziro. Beit Trust imathandiza anthu a ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe okha, choncho opikisana nawo ndi ochepa poyerekeza ndi Commonwealth kapena Chevening. Chevening ndi ya masters ya chaka chimodzi ku UK ndipo imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka ziwiri. Dziwani kuti zambiri mwa zimenezi zimalipira digiri ya m'kalasi, monga MSc, osati zaka zinayi za ukatswiri wa m'chipatala. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi n'kukhumudwa.

Ma grant aakulu ndi a mtsogolo, koma ndi bwino kuwadziwiratu. K43 ya Fogarty International Center, nthambi ya NIH, imathandiza wofufuza wa m'dziko ngati lathu kwa zaka zofika zisanu, koma imafuna kuti mukhale kale pa ntchito ku yunivesite kapena ku bungwe la kafukufuku, mukhale ndi alangizi kuno ndi ku America, ndipo gawo lalikulu la nthawi yanu lipite ku kafukufuku. Dokotala amene ali pa rota ya ku casualty sangakwanitse zimenezo popanda womulowa m'malo. Early-Career Award ya Wellcome imalipira malipiro anu ndi ndalama za kafukufuku zofika mapaundi 400,000, koma ndi ya amene ali ndi PhD kapena luso lofanana nayo. EDCTP ya ku Ulaya ndi ya matenda opatsirana. NIHR ya ku UK yathandiza kwambiri kafukufuku wa opaleshoni ndi wa ovulala, koma nthawi zambiri mumalowamo kudzera m'gulu lalikulu. Ndipo chaka cha 2025 chinatiphunzitsa kanthu: America inadula thandizo lake lakunja, USAID inatsekedwa, ndipo NIH inasintha malamulo otumizira ndalama ku mabungwe a kunja. Amene anatsamira khoma limodzi anagwa nalo. Musamange tsogolo lanu lonse pa dziko limodzi.

Chuma chimene muli nacho kale

Tsegulani buku la kaundula la ku casualty pa chipatala chilichonse cha boma laling'ono. Muona dzina, zaka, mudzi, ndi mawu awiri kapena atatu: RTA (ngozi ya pamsewu), assault, poisoning. Mzere wa nthawi yofikira nthawi zambiri ndi wosalemba. Kumapeto kwalembedwa kuti referred, basi. Kodi wodwalayo anachoka nthawi yanji? Ambulansi inapezeka? Anafika wamoyo? Bukulo silinena. Tsamba lina lang'ambika, lina linanyowa, ndipo buku la chaka chatha lili pansi pa makatoni m'chipinda chosungira katundu.

Munthu amene angakonze buku limeneli, n'kuonjezamo nthawi yofikira, nthawi yoonedwa, kugunda kwa mtima, BP, kapumidwe ndi zimene zinachitika patapita maola 24, n'kulisunga mosadumphitsa kwa chaka chathunthu, ali ndi chinthu chimene pulofesa wa ku London kapena ku Lusaka alibe. Sipafunika grant kuti muyambe. Pafunika chilolezo cha akuluakulu a chipatala, manesi amene amvetsa chifukwa chake, ndi munthu mmodzi wosatopa woyang'ana bukulo m'mawa uliwonse. WHO ili ndi mafomu okonzedwa kale a odwala mwadzidzidzi ndi a ovulala amene mungatengereko.

Anansi athu a ku Malawi anaonetsa mphamvu ya zinthu zooneka zazing'ono ngati zimenezi. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anakonzanso malo olandirira ana, anaphunzitsa antchito kusankha mwana wodwalitsitsa kuti aonedwe poyamba, ndipo ankalemba zonse. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 pa 100 alionse kufika pa 6 mpaka 8. ETAT imene timaphunzitsa lero mizu yake ili kumeneko. Lilongwe ili pafupi ndi Chipata kuposa Lusaka, odwala athu amalankhula chinenero chimodzi ndipo ena amadutsa malire a Mwami kukafuna chithandizo. Pofuna mlangizi kapena mnzanu wochita naye kafukufuku, musaiwale Kamuzu Central Hospital ndi Kamuzu University of Health Sciences.

Njira ina yolowera popanda ndalama ndi kukhala nawo m'kafukufuku wa zipatala zambiri. African Surgical Outcomes Study, imene inatuluka mu 2018, inasonkhanitsa odwala oposa 11,000 m'mayiko 25, ndipo inadalira madokotala wamba olemba odwala awo kwa mlungu umodzi. WOMAN trial ya mu 2017, imene inaonetsa kuti tranexamic acid imachepetsa imfa za amayi otaya magazi akapatsidwa msanga, inali ndi amayi oposa 20,000 m'mayiko 21, ndipo Zambia inali momwemo. M'magulu otere mumaphunzira mmene kafukufuku wabwino amayendera ndipo mumadziwana ndi anthu amene adzakulemberani kalata yokuchitirani umboni. Chenjezo langa ndi limodzi. Alendo akabwera ndi kafukufuku wawo, mufunse poyambirira mafunso atatu: dzina langa lidzakhala pati pa pepala, kodi mfundo za chipatala chathu tidzatsala nazo, ndipo kodi ndingafunsepo funso langalanga pa mfundo zomwezo? Kufunsa zimenezi si mwano. Amene akana kuyankha akufuna wonyamula katundu, osati mnzawo.

Pepala lanu loyamba mulitumize ku African Journal of Emergency Medicine. Inayamba mu 2011, aliyense amaiwerenga kwaulere pa intaneti, ndipo ili ndi dongosolo lopezera wolemba watsopano munthu womuthandiza kukonza pepala lake. Mayunivesite athu, UNZA, Copperbelt, Mulungushi ndi Levy Mwanawasa, pokweza mphunzitsi amawerenga mapepala, ndipo opereka ma grant amayang'ana chomwecho.

Musanatsegule fayilo ya wodwala ndi cholinga cha kafukufuku, tsatani lamulo. National Health Research Act ya mu 2013 imafuna kuti kafukufuku wa zaumoyo avomerezedwe ndi komiti yoteteza anthu ochitidwa kafukufuku, monga UNZABREC kapena ERES Converge, kenako ndi National Health Research Authority. Onjezani kalata ya ofesi ya zaumoyo ya chigawo ndi ya mkulu wa chipatala. Zonsezi zimafuna ndalama ndipo zimatha kutenga miyezi, choncho muziike mu bajeti ndi m'ndondomeko ya nthawi kuyambira pa tsamba loyamba la pempho lanu. Magazini yodalirika silandira pepala lopanda nambala ya chilolezo, ndipo chilolezocho sichiperekedwa ntchito itachitika kale.